Mawu a bezi yopanda mafureti amabadwira pathabwa: kasankhidwe ka mitengo ndi kakonzedwe kake

Tengani bezi wamba, gitala ija ya mawu apansi, yokhala ndi mafureti, mudinikize nsambo pamalo alionse, kenako muyang'anitsitse cham'mbali. Muona kuti nsamboyo sikukhudza thabwa ayi. Yagona pa kachitsulo kopingasa kotchedwa fureti, ndipo kachitsuloko ndi kamene kakudula utali wa nsambo n'kupereka noti. Tsopano chotsani tizitsulo tonseto. Nsambo igona pathabwa penipeni, chala chili pamwamba pake, ndipo noti ibadwira pakati pa mnofu ndi mtengo.

N'chifukwa chake nkhani ya matabwa, imene oimba gitala amakangana mpaka dzuwa kulowa osamvana, pa bezi yopanda mafureti ili ndi yankho loti khutu lingamve. Koma matabwa a bezi sali ndi mphamvu zofanana pa mawu. Ndaonapo anthu akulipira ndalama zambiri pofuna mtengo wokongola wa thupi la gitala, thabwa loyendapo zala n'kulisiyira mmisiri kuti aike chilichonse chotsala pansi pa benchi. Zimandipweteka, chifukwa thabwa limene analinyozalo ndi limene limaimba. Malangizo awa ndawasanja kuyambira pa chimene chimasintha mawu kwambiri, ndipo ndi anu kaya mukugula, mukupangitsa kwa mmisiri, kapena mukufuna kuzula mafureti pa bezi imene muli nayo kale.

Gawo 1: Dziwani mawu amene mukuwafuna

Bezi yopanda mafureti ili ndi mawu amitundu iwiri ikuluikulu. Oyamba ndi aja oimba amawatchula kuti "mwah": noti imayamba mofatsa, kenako n'kufufuma ngati munthu akutsegula pakamwa kunena kuti "mwaaa", ili ndi kakulira ka m'mphuno. Achiwiri ndi ozama, onenepa, osakhalitsa, ofanana ndi a bezi yaikulu yoimirira ija imalizidwa m'magulu a jazz.

Kampani ya Ampeg inayamba kugulitsa bezi yopanda mafureti, AUB-1, mu 1966, ndipo Fender inatulutsa Precision yotere mu 1970. Koma amene anachititsa dziko kutchera khutu ndi Jaco Pastorius, woimba bezi wa ku America, amene anazula mafureti pa Fender Jazz Bass yake ya 1962, n'kupaka thabwa la zala guluu wa epoxy wopakira maboti, n'kuikapo nsambo zokhakhala za Rotosound. Kuno kumwera kwa Africa ambiri anamva mawuwa kudzera mwa Bakithi Kumalo wa ku South Africa, pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha 1986. Khutu lathu silachilendo ku bezi yotsetsereka: babatoni, imene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaliza ndi kamtengo ndi botolo, nayonso ilibe fureti ngakhale imodzi.

"Mwaaa" amabwera motere. Nsambo ikamanjenjemera imakhudzakhudza thabwa pang'ono kutsogolo kwa chala, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kukhudzako kumadzutsa timawu tapamwamba timene timabwera mochedwerapo kuposa noti yeniyeniyo, n'chifukwa chake timamva ngati noti ikukula. Thabwa likakhala lolimba ndi losalala, nsambo imanjanja n'kupitiriza kulira. Likakhala lofewa kapena la mabampu, limameza mphamvuyo noti n'kufa msanga. Mukamvetsa izi, magawo otsatirawa sakuvutani. Ngati mukufuna mawu oyamba aja, zonse zitsamire ku kulimba. Ngati ndi achiwiri, muli ndi ufulu wofewetsa pang'ono.

Gawo 2: Yambani ndi thabwa loyendapo zala

Ili ndi thabwa lopyapyala lomatidwa pamwamba pa khosi la gitala, limene amisiri amalitcha fingerboard. Ngati ndalama zanu zikukwana thabwa labwino limodzi lokha, likhale limeneli.

Kulimba kwa mitengo amakuyeza ndi muyeso wa Janka, woona mphamvu yofunika kuti kampira kachitsulo ka mamilimita 11.28 kalowe theka m'thabwa. Pa muyesowu, m'mapaundi, ebony wa ku Gabon ndi Cameroon ali pafupifupi pa 3,080, rosewood wa ku India pa 2,440, pau ferro wa ku South America pa 1,960, wenge pa 1,930, ndipo maple wolimba pa 1,450. Alder, amene amapangira matupi a bezi zambiri, ali pa 590 basi, ndiye musamuganizire n'komwe pamalo ano.

Ebony ndiye wakale pa ntchitoyi. Vayolini ndi bezi yoimirira zakhala zikumugwiritsa ntchito kwa zaka mazana, chifukwa alibe timaenje tambiri, amasalala ngati galasi popanda vanishi, ndipo noti imatuluka msanga, yomveka bwino m'mbali zonse. Vuto lake ndi loti amang'aluka kukauma kwambiri. Rosewood ali ndi timaenje komanso mafuta achilengedwe. Mawu ake ndi onenepa, osabaya khutu, koma nsambo zokhakhala zimamudya msanga. Pau ferro ali pakati pa awiriwa: ndi wosalala ngati ebony, mawu ake n'kutsamira ku rosewood. Ine ndimamuona kuti ndi wabwino kwambiri kwa munthu amene akuyamba. Wenge ali ndi mizere yolimba ndi yofewa yosinthana, amapereka kakulira kokhakhala kamene ena amakakonda, koma zibanthu zake zikakubayani bala limatukusira, choncho musamale. Maple sangakhale wopanda chopaka, chifukwa thukuta ndi litsiro zimalowa n'kumudetsa.

Pano pali nkhani yokomera ife. Phingo, amene osema ziboliboli amamudziwa bwino, ali pa 3,670, kuposa ebony. Ndi mtengo umene amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe padziko lonse, ndipo wochuluka amachokera ku Tanzania ndi Mozambique. Tsanya, wa m'chigwa cha Shire ndi cha Luangwa, ali pafupifupi pa 3,390, ndipo nayenso amapangira zitoliro. Mitengo iwiriyi ingapange thabwa la zala lapamwamba zedi. Kuvuta kwake n'kupeza chidutswa chowongoka, chopanda mfundo ndi ming'alu, chotalika masentimita 70, mulifupi 8, chimene chikapalidwa chitsale chokhuthala mamilimita 6. Phingo amakula mokhotakhota, amabunthitsa mipeni ya pulena, ndipo ali ndi mafuta ambiri moti musanamate muyenera kupukuta mbali yomatayo ndi acetone, apo ayi guluu sagwira.

Gulani kwa munthu wokhala ndi zikalata za ku Forestry. Mitengoyi imakula pang'onopang'ono ndipo yadulidwa kale mowononga. Dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2017 mitengo yonse ya mtundu wa Dalbergia, momwe muli phingo ndi rosewood, ili pansi pa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pachiopsezo, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene Fender inayamba kuika pau ferro pa gitala zake zambiri za ku Mexico. Mu 2019 anamasula zida zoimbira zomalizidwa kale, koma thabwa losasema kuti lidutse malire limafunabe chilolezo, ndipo rosewood wa ku Brazil ndi woletsedwa kwambiri kuyambira 1992.

Thabwa mwalipeza, liyeseni kawiri. Poyamba ligwireni ndi zala ziwiri pamalo a gawo limodzi mwa magawo 5 kuchokera kunsonga, lilendewere, muligogode pakati ndi mfundo ya chala. Labwino limalira "ngwiii" ngati belu. Likangoti "phu", mwina lili ndi mng'alu wobisika kapena silinaume. Kachiwiri, liyezeni pa sikelo sabata iliyonse. Ngati kulemera kukutsikabe, madzi akadalimo. Mafakitale amaumitsa matabwa mpaka chinyezi chitsike kufika pa 6 mpaka 8 peresenti. Kuumitsa pamthunzi, amisiri amawerengera chaka chimodzi pa mamilimita 25 alionse a kukhuthala, ndipo phingo amafuna kupitirira apo. Musapupulume. Thabwa laliwisi likamatidwa pakhosi limakoka khosi lonselo pouma.

Gawo 3: Sankhani ngati mupake kapena ayi

Thabwa losapaka, longothira mafuta pang'ono, limapereka mawu a mtengo weniweni, ndipo chala chimamva bwino poyendapo. Lopaka epoxy kapena polyester limakhala ngati mbale yadothi yonyezimira: noti imakhalitsa, "mwaaa" amachuluka, timawu tapamwamba timathwa, ndipo nsambo sizidya thabwa. Bezi za Pedulla Buzz za ku America zinatchuka ndi kupaka kotereku. Dziwani kuti mukapaka chokhuthala, nsambo imakhala ikulira pa chopakacho, ndipo kusiyana kwa rosewood ndi ebony kumachepa kwambiri. Choncho kugula phingo wodula n'kumukwirira m'epoxy ndi kutaya ndalama. Epoxy ndi wothandiza rosewood ndi maple.

Ena amapaka supagulu wamadzimadzi, kupaka kopyapyala kambirimbiri, akupala pakati. Zimatheka ndithu, ndipo zimauma msanga kuposa epoxy, koma chitirani panja chifukwa fungo lake limawawa m'maso ndi m'mphuno. Palinso matabwa opangidwa m'fakitale kuchokera ku mapepala ndi utomoni, monga ebonol, amene ali pa bezi ya Ibanez ya Gary Willis. Musawanyoze. Sasintha ndi nyengo ndipo amaimba mofanana kuyambira kumutu mpaka kumapeto.

Gawo 4: Khosi likhale louma gwa

Nsambo 4 za bezi zimakoka khosi ndi mphamvu ya makilogalamu 70 mpaka 80, usana ndi usiku. Khosi lofewa limagwedezeka limodzi ndi nsambo, ndipo mphamvu imene inayenera kukhala mu noti imathera m'mtengo. Pa bezi ya mafureti vutoli limabisika pang'ono. Pa yopanda mafureti, pomwe mnofu wa chala wayamba kale kumeza mawu, limaonekera poyera.

Maple wolimba ndiye wodziwika pa makosi. Kampani ya Warwick ya ku Germany inatchukitsa makosi a wenge ndi ovangkol, mitengo ya kuno ku Africa. Panga panga wa ku Mozambique ndi m'bale wake wa wenge ndipo amagwira ntchito yomweyo. Mbawa imatheka, koma ndi yofewerapo, ndiye pa bezi ifunika kuilimbitsa. Mtengo uliwonse umene mwasankha, yang'anani kunsonga kwa thabwa kumene mizere ya zaka imaonekera. Mizereyo ikaimirira molunjika ku thabwa la zala, khosilo silipotoka wamba. Ndipo m'litali mwake mizere iyende mowongoka kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, osathawira m'mbali.

Njira ina yodalirika, makamaka pamene simukukhulupirira kwambiri matabwa anu, ndiyo kumata zidutswa 3 kapena 5 m'litali, mizere yake itayang'anizana, kuti chidutswa chikafuna kukhota chinzake chizichibweza. Amisiri ambiri masiku ano amaikanso timitengo tiwiri ta carbon fibre m'mbali mwa truss rod, chitsulo chowongolera khosi chija chimayenda mkati mwake. Pemphani truss rod yokhotetsa mbali zonse ziwiri. Pa bezi yopanda mafureti mudzaifuna.

Tsopano yesani kupeza noti zakufa. Izi muchite musanapereke ndalama, ampu itazimitsidwa. Pa nsambo ya G, lizani noti iliyonse kuyambira kumutu, muziwerenga chamumtima mpaka izilale. Pa bezi zambiri zopangidwa motengera Fender mupeza kuti pakati pa malo a 5 ndi a 7, cha pa C, C# kapena D, pali noti imodzi yozimirira msanga kuposa zinzake. Helmut Fleischer wa ku Munich anafufuza zimenezi ndipo anaonetsa kuti zimachitika pamene khosi lenilenilo likunjenjemera pa liwiro lofanana ndi la notiyo. Mutha kudzionera nokha: gunditsani mutu wa bezi pa felemu ya chitseko, mulizenso noti yomweyo. Idzuka, chifukwa khosi lalephera kugwedezeka.

Noti yakufa siitheratu, koma imasuntha. Mukawonjezera kulemera kumutu, monga kachitsulo kopanira, imatsikira ku noti zapansi. Mukapeputsa mutu ndi makiyi okungira nsambo opepuka, kapena khosi likakhala lolimba kwambiri, imakwera. Ndi chifukwa chake makosi a graphite a Modulus, Status ndi Zon, komanso bezi zopanda mutu za Steinberger, zimalira mofanana kwambiri pamalo onse. Kufooka pang'ono kwa noti imodzi n'kopiririka. Koma ikamafa musanawerenge mpaka 2, bezi imeneyo isiyeni, chifukwa malo amenewo ndi omwe mudzaimbirepo nyimbo zoyenda pang'onopang'ono.

Gawo 5: Polumikizira khosi ndi utali wa nsambo

Khosi limalumikizidwa m'njira zitatu: lomangidwa ndi masikuluwu monga pa Fender ndi Music Man, lomatidwa ndi guluu monga pa Gibson zambiri, kapena lodutsa thupi lonse mpaka kumatako monga pa Rickenbacker 4001 ndi Alembic. Oimba ambiri amati lamasikuluwu limatulutsa noti mofulumira, pamene lodutsa limaitulutsa mosalala n'kuikhalitsa. Pali choonadi pang'ono, koma ine ndimaika mtima pa kugwirana kwa matabwawo. Yesani kulowetsa kapepala pakati pa chidendene cha khosi ndi thupi. Kakalowa pansi pa chidendene, pamenepo mawu akutayika, ndipo khosi lamasikuluwu logwira bwino limaposa lodutsa lopangidwa mosasamala.

Kwa munthu wopangitsa koyamba ndimalangiza lamasikuluwu. Likakhota mumangosintha khosi lokha, ndipo mutha kukhala ndi makosi awiri pa thupi limodzi, lina la mafureti lina lopanda.

Utali wa nsambo wodziwika ndi mainchesi 34, omwe ndi mamilimita 864. Wa mainchesi 35 umathandiza nsambo yachisanu ya B, imene imanjenjemera ka 31 kokha pa sekondi, kuti isamveke yolobodoka. Wa mainchesi 30 umapereka mawu onenepa, koma noti zimayandikana, ndiye chala chikaphonya pang'ono khutu limamva msanga. Kukhota kwa pamwamba pa thabwa la zala nakonso n'kofunika: Fender zakale zinali pa mainchesi 7.25, koma pa 12 kapena 16, pomwe thabwa limakhala lafulatiko, nsambo zimatsika mosavuta ndipo kupala kumaphweka.

Gawo 6: Thupi

Apa sitichedwapo. Pa bezi yathupi lodzaza, ma pickup, tizipangizo totola mawu n'kuwatumiza ku ampu, amamva nsambo, osati thabwa, ndipo mtengo wa thupi umangokometsera zimene khosi ndi thabwa la zala zachita kale. Alder, amene Fender inayamba kugwiritsa ntchito mu 1956, sakondera mbali. Ash amathwetsa pang'ono pamwamba. Mbawa imanenepetsa mawu apakati. Mlombwa ndi wabwino chifukwa akauma sasuntha wamba, ndiponso ndi wokongola. Ngakhale paini wouma bwino amatheka, kungoti amaphwanyika msanga akagundidwa ndipo masikuluwu amafuna kusamala.

Choyenera kuyang'ana ndi kulemera. Bezi yonse ikhale cha pa makilogalamu 4. Ikapitirira 4.5 phewa lidzadandaula pa mapemphero aatali kapena pa ukwati. Thupi likapepukitsa pamene khosi ndi la wenge ndi phingo, mutu umagwa pansi, ndipo dzanja lamanzere, lomwe liyenera kusaka noti, limakhala likunyamula khosi. Pa bezi yopanda mafureti zimenezi zimasokoneza noti. Ikolekeni pa lamba, musiye manja onse, muone ngati ikhazikika.

Thupi limayamba kulankhula kwambiri likakhala lamphako ndiponso lili ndi pickup ya piezo, yomva kunjenjemera, pansi pa buriji, pomwe nsambo zimatsamira pathupi, monga pa Godin A4 kapena bezi za Rob Allen. Ngati mu Gawo 1 munasankha mawu a bezi yoimirira, njira yake ndi imeneyi.

Gawo 7: Ngati mukuzula mafureti pa bezi yanu

Yambani ndi bezi yotsika mtengo imene khosi lake ndi lowongoka. Chotsani nsambo, mumasule truss rod mpaka khosi liwongoke ndithu, muyeze ndi lula wachitsulo. Ngati thabwa ndi lopakidwa vanishi, dulani vanishiyo ndi lezala m'mbali mwa fureti iliyonse. Tenthetsani fureti ndi chowotcherera mawaya kwa masekondi angapo kuti guluu afewe, kenako muigwire ndi kapulayazi kamene kamwa lake lanoledwa kuti likhale lafulati. Musakoke. Panikizani kuti kamwa lilowe pansi pa fureti, musunthe pang'ono, mupanikizenso, mpaka ituluke yokha. Tizibanthu tikadzuka, timateni pomwepo ndi kadontho ka supagulu.

Mipata yotsalayo musaisiye, ndipo musaitseke ndi zofewa. Fureti inkalimbitsa khosi pokhala mumpatamo, ndiye mipata 20 kapena 24 yopanda kanthu imalola khosi kupindikira kutsogolo. Pastorius anatseka yake ndi phala lotsekera matabwa, koma pamwamba pake panabwera epoxy wambiri. Njira yabwino ndi timatabwa topyapyala ta veneer ta mamilimita 0.5 kapena 0.6, tolowa mothina, tomatidwa ndi guluu. Toyera timaoneka ngati mizere yokutsogolerani. Takuda timabisika. Musachite manyazi ndi mizere, poti chofunika ndi noti yolondola. Kumbukirani kuti timadontho ta m'mbali mwa khosi tidzakhala pakati pa mizere monga kale, pamene pa bezi yobadwa yopanda mizere timakhala pa noti penipeni.

Guluu akauma, dulani zotsalira ndi tchizulo chakuthwa, kenako mupale. Apa ndi pamene bezi imapangidwa kapena kuonongeka. Musapale ndi dzanja lokha. Matani sandipepala pa chithabwa chachitali chosemedwa mogwirizana ndi kukhota kwa thabwa la zala. Lembani mizere ya pensulo ponseponse, mupale m'litali kuchokera kumutu mpaka kumapeto, osaima pakati. Pamene pensulo yatsala ndi pokumbika, ndipo mupitirize mpaka yonse ichoke nthawi imodzi. Yambani ndi nambala 120, kenako 220, 320, 400 ndi 600. Mangani kansalu kumphuno, fumbi la mitengo iyi si labwino m'chifuwa.

Ngati thabwa ndi latsopano ndipo mukulemba mizere nokha, gawani utali wa nsambo ndi 17.817 kuti mupeze mzere woyamba, womwe pa mamilimita 864 uli pa 48.5. Chotsani chiwerengerocho, mugawenso chotsalacho ndi 17.817, n'kumapita choncho. Mzere wa 12 ugwe pa 432, pakati penipeni.

Gawo 8: Kutchera

Bezi zambiri zimene eni ake amati thabwa lake ndi loipa zimangofuna kutcheredwa. Chitani zinthu izi motsatana, nsambo zili zokungidwa pa noti zake.

Yambani ndi kupindika kwa khosi. Dinikizani nsambo ya E pa mzere woyamba ndi pamene khosi likulowa m'thupi, muyang'ane mpata cha pa mzere wa 7 kapena 8. Ukhale wa mamilimita 0.15 mpaka 0.25, pafupifupi mapepala awiri a A4 ophatikiza. Ukakula, mangani truss rod. Ukasoweratu, masulani. Izungulizeni ndi Allen key, kachitsulo komangira truss rod, gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira, mudikire, muyezenso. Ikakana kuzungulira musaikakamize, pitani nayo kwa mmisiri.

Kenako nut, kachidutswa ka fupa kapena pulasitiki kumutu komwe nsambo zimadutsa. Pa bezi yozulidwa mafureti kamakhala katatalika kwambiri, chifukwa kanadulidwira kutalika kwa fureti. Kumbani timipata take pang'onopang'ono mpaka pansi pa nsambo pazingolowa pepala limodzi kapena awiri. Mukapanda kutero, noti zoyambirira zimalimba kudinikiza ndipo zimakwera kuposa pamene mzere uli.

Tsitsani nsambo pa buriji mpaka pa mzere wa 12 pakhale mpata wa mamilimita 2 ku E ndi 1.5 ku G. Kuchokera apo khutu ndiye liweruze. Tsitsani pang'ono, mulize, mumvere. Mukamva noti ikufufuma, mwafika. Mukamva ikulira ngati bemberezi n'kutsamwa, mwapitirira, kwezani. Ngati ndi malo amodzi okha otsamwa, pamenepo pali bampu ndipo mubwerere ku sandipepala. Pomaliza gwirizanitsani noti ya pa mzere wa 12 ndi kaphokoso kopyapyala kamene kamamveka mukangokhudza nsambo pamenepo osadinikiza, posuntha tizitsulo ta pa buriji, chala mutachiika mmene mumachiikira poimba.

Gawo 9: Nsambo, pickup ndi zala

Nsambo zokhakhala, za roundwound, ndizo zimatulutsa "mwaaa" wambiri, ndipo ndizonso zimasiya tinjira pathabwa. Za nickel zimadya pang'ono kuposa za stainless steel. Zosalala, za flatwound, zimasunga thabwa ndipo zimapereka mawu ozama. Za Thomastik-Infeld za ku Vienna ndi zofewa moti zimaimbabe bwino. Zokutidwa ndi nayiloni wakuda zimayandikira kwambiri bezi yoimirira. Pa phingo, tsanya, ebony kapena epoxy ikani zokhakhala mopanda mantha. Pa rosewood wosapaka ganizirani kaye.

Timizere tongooneka ndi maso si vuto. Chimene chimakumba maenje ndi kukankhira nsambo m'mbali monga amachitira pa gitala ya lidi. Pa bezi iyi gwedezani chala motsatira utali wa nsambo, ndipo musadinikize ngati mukufinya ndimu.

Pickup ya kufupi ndi buriji ndiyo imamva bwino mawu a m'mphuno aja. Ikwezeni, ya kukhosi muitsitse pang'ono, ndipo pa ampu muwonjezere mawu apakati, cha pa 600 mpaka 1,000 Hz. Dzanja lamanja likalizira pamwamba pa mapeto a thabwa la zala, nsambo imavina kwambiri ndipo noti imafufuma. Likalizira kufupi ndi buriji, noti imakhala yaifupi, yakuthwa.

Gawo 10: Iyenderani ndi nyengo

Chifukwa nsambo zili pafupi kwambiri ndi thabwa, kusuntha kochepa kwa khosi kumamveka. Kukauma mu Seputembala ndi Okutobala, khosi nthawi zambiri limapindikira kutsogolo, nsambo zimakwera, "mwaaa" n'kuthawa. Mvula ikayamba, kapena chiperoni chikakhala masiku angapo, thabwa limamwa chinyezi, khosi limabwerera m'mbuyo, noti za kumutu n'kuyamba kutsamwa. Musasiye bezi m'galimoto yotseka padzuwa, kapena kuitsamiritsa kukhoma la chipinda chamalata chopanda siling'i. Ebony ndi phingo zimang'aluka ndi kutentha kotereko.

Pukutani nsambo ndi thabwa ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba. Thabwa losapaka lithireni timadontho ta mafuta a mineral oil kawiri pa chaka, mudikire mphindi 5, mupukute onse otsala. Mafuta ophikira ayi, amavunda n'kumata. Ndipo sungani mapepala awiri aja ndi Allen key m'thumba la bezi, kuti mvula yoyamba ikagwa komanso ikatha mu Epulo muyezenso mpata wa pa mzere wa 8.